Mutu 6: Makhadi Awiri a Mlembi

1. Tiyi wa Lachiwiri

M'mawa wa Lachiwiri banja lonse linali pa tebulo, kumwa tiyi. Tikati banja lonse tikunena anthu atatu: bambo, mayi ndi mwana wawo wamkazi wa zaka khumi ndi zisanu. Tebulolo anakhoma okha bambowo poti anali kalipentala, koma mwendo umodzi unatuluka waufupi. Munthu akatsamira, tiyi ankatayika.

"Matebulo a eni ake onse oongoka, lathu lokha lotsimphina," mayi anatero akupukuta ndi kansalu.

"Limeneli linali lophunzirirapo, amake mwana," bambo anayankha. Anafuna kuseka, koma kusekako kunasanduka chifuwa. Anatsokomola, natsokomolanso. Chifuwacho chitaleka, munatsala kamluzu kolira nthawi iliyonse akamatulutsa mpweya.

Bambowo ankadwala mphumu. Kuchipatala anawapatsa timipope tiwiri topopera mankhwala m'kamwa. Kabulauni kanali kopopera m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse, kaya akudwala kaya ali bwino. Kabuluu kanali ka pangozi, kotsegula chifuwa chikabanika. Bambo ankakonda kabuluu. Ankati kameneko ukapopera umamva pomwepo, pamene kabulauni n'kaulesi, kamangosasitsa munthu mawu.

Poti bambo kulemba kunkawavuta, namwino anapereka khadi kwa mwana wawo. Pakhadipo panali kabokosi ka tsiku lililonse. Bambo akapopera kabulauni, iye ankachonga. Akapopera kabuluu, ankalemba kamzere. Akadzidzimuka kutulo chifukwa chobanika, ankajambula nyenyezi. Madzulo aliwonse bambo akaweruka ankafuula ali pakhomo, "Mlembi! Lemba zinayi!" Dzina loti Mlembi linabadwa choncho, ndipo linamukanirira mpaka kusukulu.

Tsikulo panali patatha miyezi itatu chilandirire khadi, ndipo linali tsiku lokaonetsa khadilo. Sukulu zinali zotseka, choncho Mlembi ndiye amawaperekeza. Mayi ankachapa zovala pa nyumba yogona alendo ndipo sakanatha kujomba. Atamanga mpango kumutu, anaima pafupi ndi amuna awo.

"Abambo ake Mlembi, mundimvere bwino. Ine ndimagona pambali panu, kamluzu kameneko ndimakamva kuposa inu. Sabata ino yokha mwakhala tsonga pabedi katatu. Dzulo mwapumira panjira pochokera pa mpope, ndi ndowa imodzi yokha. Musati sindinaone. Mukakalowa m'chipinda muja mukanene zonse. Musakayambe nthabwala zanu zija zoti anamwino aziseka mpaka kuiwala kukuyezani. Iwo aja sakhala m'nyumba muno, amadziwa zokhazo zimene mwawauza. Mukawauza kuti muli bwino, akubwezani ndi chifuwa chanu chomwecho. Ine nditha kuchapa zovala za dziko lonse, koma kukupumirani mpweya sindingathe."

"Ndamva, adokotala," bambo anatero.

"Iwenso Mlembi, bambo akowa akakayamba kuzungulira, iwe ukalankhule."

"Chabwino, Amayi."

Mayi anatenga chikwama chawo n'kutuluka.

2. Khadi latsopano

Bambo anadikira mpaka phazi la mayi litasiya kumveka. Kenako anakankhira makapu pambali.

"Mlembi wanga, tabweretsa khadi lija tilione."

Mlembi anakalitenga m'buku la masamu m'mene ankalisunga. Mwezi woyamba timizere tinali apo ndi apo. Mwezi wachiwiri tinachuluka. Sabata ziwiri zomaliza timabokosi tinadzaza mpaka timizere tina kusefukira m'mbali. Zochonga za kabulauni zinali zowerengeka, ndipo nyenyezi zinalipo zisanu ndi zinayi.

"Iii, ngati wina wakhuthula misomali," bambo anatero. Anakanda kumutu. "Paja anakupatsa makhadi awiri?"

"Eya. Linalo ndi la miyezi ikubwerayi."

"Kalitenge."

Atabwera nalo, bambo analiyala pambali pa lakale lija.

"Unamva zimene ananena ulendo watha. Anati zikapanda kusintha alemba kalata kuntchito kuti andichotse pa fumbi. Tandiuza, mwana wanga, m'shedi ya akalipentala muli malo opanda utuchi? Kundichotsa pa fumbi n'kundichotsa ntchito. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndaima pa benchi ija. Manja awa sadziwa china."



"Ukopere pa latsopanoli. Kabulauni uchonge monse. Timizere uike tiwiri pamwezi. Nyenyezi usaike."

"Koma Bambo, limenelo ndi bodza."

"Si bodza, n'kusalaza chabe. Tamvera. Chimene chikundipweteka ndi zitseko za sukulu zija tikukwecha. Tikamaliza Lachisanu, fumbi lichepa. Ndiyamba kabulauni m'mawa ndi madzulo, iwe udzatopa n'kuchonga. Ndikungopempha sabata imodzi."

"Nanga Amayi?"

"Amayi ako ali ndi zambiri zowadandaulitsa. Izi ndi za ine ndi mlembi wanga."

Bambo sanakalipe. Akanakalipa mwina Mlembi akanakana. Koma iwo anangomuyang'ana, manja awo okhakhala ali pa tebulo, chala chimodzi chili chachifupi poti sowo inachidula kale. Mlembi anali asanawaonepo bambo ake akupempha chinthu kwa mwana.

Anatenga cholembera.

"Usalembe ndi chimodzi," bambo anatero. "Adziwa kuti walemba tsiku limodzi. Usinthesinthe."

Analemba ndi chakuda, ndi chabuluu, kenako ndi pensulo. Atamaliza, bambo analipinda khadilo kanayi, nalitikita pa bondo, n'kukhazikapo kapu yonyowa kuti pakhale chizindikiro cha tiyi. Linaoneka ngati lakhala m'nyumba miyezi itatu. Ntchito ya manja bamboyo ankaidziwa.

"Lakalelo ung'ambe."

Mlembi anapita nalo kuchipinda. Analigwira ndi manja awiri, koma sanaling'ambe. Analibwezera m'buku la masamu, bukulo n'kuliponya m'chikwama.

3. M'chipinda cha anamwino

Kuchipatala kunali kwapafupi, koma anaima kawiri panjira. Bambo ankanamizira kumanga zingwe za nsapato.

Atalowa pachipata, sanalunjike pa mzere. Anakhotera kuseri kwa thanki ya madzi, natulutsa kabuluu, napopera kanayi.

"Bambo, mukutani?"

"Ndikutsegula njira. Paja amatiuziritsa kachitoliro kaja."

Anakagwedeza kampopeko pafupi ndi khutu, nakayang'ana, n'kukabwezera m'thumba msanga.

Namwino wa odwala chifuwa anali mayi wachikulire wa magalasi olendewera pa chingwe. Atawaona anamwetulira.

"A Kalipentala afika! Benchi yathu ya panja ija munati mudzakhoma, ikudikirabe."

"Ndikuopa kuti ndikaikhoma odwala azikhalitsa, amayi."

Namwino anaseka, nawapatsa kachitoliro koyezera mphamvu ya mpweya. Bambo anakoka mpweya n'kuuzira. Kamuvi kanathamanga mpaka kugunda mzere wobiriwira. Anawamvetsera m'chifuwa, koma kamluzu kaja kanali katabisala. Kenako anavala magalasi n'kutambasula khadi.

"Aa, koma ndiye mwandisangalatsa. Kabulauni tsiku lililonse. Kabuluu kasanu ndi kamodzi basi pa miyezi itatu. Tulo mukugona?"

"Ngati mwala."

"Ntchito mukugwira osapumira?"

"Anyamata amatopa ine ndikadali."

Namwino anatsamira pa mpando.

"Ndikufotokozereni, a Kalipentala, ndi iwe mwana umve. Ife pano sitilota. Tili ndi malangizo olembedwa amene timatsata, ndipo ali ngati makwerero. Timafunsa zinthu zinayi. Kodi munthu akubanika masana kuposa kawiri pa sabata? Kodi akudzuka kutulo? Kodi kabuluu akukagwira kuposa kawiri pa sabata? Kodi pali ntchito imene yayamba kumukanika? Mayankho akakhala oipa, timayamba taona ngati akupopera bwino kabulauni, kenako timakwera sitepe, kuwonjezera mankhwala. Zikafika poipa timaperekanso mapiritsi a masiku asanu ophwetsa kutupa. Koma munthu akakhala bwino miyezi itatu, timatsika sitepe. Mphumu ndi kutupa kwa njira za mpweya. Kabulauni ndi kamene kamaphwetsa kutupako pang'onopang'ono, n'chifukwa chake simukamva. Mukapopera muzichukucha m'kamwa, mawu sasasa. Kabuluu kamangotsegula kwa maola ochepa, kutupa kuli pomwepo. Anthu amene timawataya ndi aja amakhulupirira kabuluu kokha."

Anatembenukira kwa Mlembi.

"Ndipo usaiwale zimene ndinakuphunzitsa. Akabanika, akhale tsonga, asagone. Upopere kudzera m'botolo lija loboola kunsi, kamodzikamodzi, mpaka kakhumi. Akamalephera kumaliza chiganizo, thamangirani kuno. Kamluzu kakasiya kulira munthu akuvutikabe, usati wachira. Pamenepo mpweya wasiya kulowa."

"Ndamva."

"Zonsezi za pakhadi walemba wekha?"

"Eya."

"Palibe chimene wasiya?"

Mlembi anamva chikwama chikulemera pa miyendo yake. Bambo ankayang'ana kalendala ya pakhoma. Mlembi akanatha kungotsegula zipi basi.

"Palibe," anatero.

"Mwana wabwino. Ndiye titsike sitepe. Kabulauni muzipopera kamodzi m'mawa, kamodzi madzulo, m'malo mwa kawiri m'mawa, kawiri madzulo." Namwino anatsegula kabati, natulutsa kabulauni katsopano. Anagwiranso bokosi la kabuluu, koma analibwezera. "Aka ayi. Kanu kaja kakadali kodzaza. Tatsala nato tochepa, tisungire amene akuvutika."

Bambo anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Kupempha kabuluu kukanaulula zonse.

"Zikomo, amayi," anatero.

Ali panja bambo anamusisita Mlembi pamutu. "Waona? Palibe kalata. Undibweretsere chakudya nthawi ya nkhomaliro." Anakhotera njira ya kuntchito, iye n'kulowera kunyumba.

4. Mu utuchi

Dzuwa litapendeka pang'ono, Mlembi anafika ku shedi ndi kontena ya chakudya. Shediyo inali ya malata, yotentha, ya zenera limodzi. Zitseko khumi ndi ziwiri zinali zitatsamira khoma. Makina okwechera matabwa ankalira, ndipo fumbi linali kuuluka mbuu m'kuwala kolowera pazenera. Kumapeto wina ankapaka vanishi, fungo lake lolasa m'mphuno.

Woyamba kumuona anali a Ndevu, mkulu amene ankagwira ntchito pa benchi yoyandikana ndi ya bambo ake.

"Alembi afika! Mwatibweretsera chiyani ife amasiye?"

Mlembi anali ataona kale bambo ake. Makina awo anali atazima. Anaima atagwira benchi ndi manja onse awiri, mapewa akukwera ndi kutsika. Kansalu kotseka pamphuno kanali kakulendewera m'khosi. Kamluzu kaja tsopano kankamveka ngakhale makina ena akulira.

"Bambo?"

"Ndili... bwino... ika... apo."

Mawu anayi, mpweya kanayi. Mlembi anaponya kontena pansi.

"A Ndevu, zimitsani makina! Tiwatulutse panja!"

Anawagwira uku ndi uku mpaka pa mulu wa matabwa kunja. A Ndevu anavula jekete n'kuliyala pansi.

"Agone apa, tiwakupize. Wina abweretse madzi!"

"Ayi, asagone! Akhale tsonga. Bambo, botolo lija lili kuti?"

Bambo analoza m'shedi ndi chibwano. Mlembi anathamangira pa benchi n'kukoka dilowa. Botolo la pulasitiki lobooledwa kunsi linali momwemo, pakati pa misomali ndi tepi yoyezera. Pambali pake panali timabokosi tiwiri ta kabulauni, tosatsegula n'komwe, ndi kachitatu ka m'mawa uja.

Analowetsa kabuluu pa bowo la botolo, kukamwa kwa botolo n'kuika pa milomo ya bambo ake. Anadina. Kanalira kuti fyii, mofooka.

"Kokani, Bambo. Kamodzi."

Anadikira, nadinanso. Kawiri. Katatu. Ankawerenga mokweza monga anamuphunzitsira. M'botolomo simunkaoneka kautsi koyera kamene ankakaona masiku onse. Pofika kachisanu ndi chiwiri kampopeko kanasiya ngakhale kulira. Anakagwedeza. Kanali kopepuka ngati chikhokhombe cha cholembera.

"Katha," anatero.

"Si mwachokera kuchipatala m'mawa womwe uno?" a Ndevu anafunsa. "Sanakupatseni kena?"

Mlembi anaona thukuta likuyenderera pa nkhope ya bambo ake, kusiya tinjira mu fumbi. Khungu la pakhosi linkalowa m'kati akamakoka mpweya. Anthu a m'shedi anazungulira, wina akuti awamwetse madzi otentha, wina akuti awamenye pamsana.

Kenako kamluzu kanayamba kuchepa, mpaka kanati zii.

"Eyaa, kwadutsa," a Ndevu anatero, akupukuta ndevu zawo. "Mwamva? Chasiya kulira."

Mlembi anayang'ana milomo ya bambo ake. Inali itasintha mtundu, yotuwa ngati phulusa. Maso anali otseguka koma sankayang'ana munthu.

"Sikunadutse! Mpweya sukulowa! Galimoto, a Ndevu, chonde galimoto!"

Lole yonyamula matabwa inali pachipata. Anthu anayi anawanyamula atakhala chikhalire n'kuwakweza kutsogolo. Mlembi anakhala pambali pawo, atawagwira kuti asagwe chagada. Njira imene m'mawa anaima kawiri, lole inadutsa mphindi zochepa, koma kwa iye inatalika kuposa njira zonse zimene anayendapo.

5. Mapopedwe mazana awiri

Kuchipatala anawalandira ndi liwiro. Anawaveka chophimba kumaso chotulutsa nthunzi ya mankhwala, nalumikiza mpweya wa okosijeni, nawabaya jakisoni pamkono. Dokotala wamng'ono thupi ankalamula mwachidule, anthu akuthamanga. Mlembi anauzidwa kuti adikire pa benchi ya panja, yomwe ija yogwedera.

Anakhala pamenepo nthawi yaitali, kampope kopanda kanthu kali m'manja.

Dzuwa litatsala pang'ono kulowa, namwino wa magalasi uja anatuluka. Sanamwetulire. Anakhala pambali pake.

"Apulumuka. Koma mukanachedwa pang'ono, tikanakhala tikulankhula zina." Anatambasula dzanja. "Tandipatsa kameneko."

Anakagwedeza, nakadina. Sikanatulutse kanthu.

"Mwana wanga, kampope aka ndinapereka ndekha miyezi itatu yapitayo. Kamakhala ndi mapopedwe mazana awiri. Pakhadi lako pali timizere tisanu ndi kamodzi. Ine masamu ndinasiya kalekale, koma apa sakundikwanira. Enawo anapita kuti?"

Mlembi anatsegula zipi. Anatulutsa buku la masamu, m'bukumo n'kusolola khadi lakale. Linamupulumuka n'kugwa pansi. Namwino analitola, navala magalasi. Anayang'ana mwezi woyamba, wachiwiri, wachitatu. Anawerenga nyenyezi ndi chala.

"Linali m'chikwama momwemu m'mawa uja?"

"Eya."

Pomwepo mayi anatulukira pa kona, akuthamanga, manja akadali oyera ndi sopo. A Ndevu ndiwo anakawauza. Anaima pamene anaona makhadi awiri pa miyendo ya namwino, lina loyera bwino, lina lodzaza timizere. Sipanafunike kuwafotokozera.

Namwino analankhula mosakweza mawu.

"Sindikukalipira, koma umve. Khadi ili ndikanaliona m'mawa, bambo ako sakanabwerera ku fumbi lero. Ndikanawapatsa mapiritsi a masiku asanu. Ndikanakhala nawo pansi pa nkhani ya kabulauni. Ndikanawapatsa kabuluu katsopano, kamene ndinakagwira m'manja n'kukabwezera m'kabati iwe ukuona. M'malo mwake ndinachepetsa mankhwala kwa munthu amene amamira. Dzanja linali langa, koma chimene chinalitsogolera ndi pepala lako. Ndikudziwa anakupempha ndi iwo. Odwala ambiri amatero, amaopa ntchito, amaopa kutchedwa odwala. N'chifukwa chake khadi sindinapereke kwa iwo, ndinapereka kwa iwe. Munthu wobanika amaganiza za lero lokha. Ndinafuna wina m'nyumbamo woti aziona patali. Ukamakonda munthu wodwala, nthawi zina uyenera kulola kuti akukwiyire."

Mayi anakhala pansi, benchi n'kugwedera. Mlembi anadikira kuti amukalipire. Koma iwo anangoyang'ana khadi loyera lija, napeza chizindikiro cha kapu ya tiyi, nachisisita ndi chala.

"Pa tebulo langa," anatero. "Nditangotuluka."

Mawu amenewo anamupweteka Mlembi kuposa kukalipa.

Anawalola kulowa mu wodi kwa mphindi zochepa. Bambo anali atatsamira mapilo atatu, chophimba chili kumaso, chifuwa chikukwera ndi kutsika mofulumira. Dokotala anaima kumiyendo kwa bedi, khadi lodzaza timizere lili m'manja. Bambo analiona. Anayang'ana khadilo, nayang'ana mwana wawo, kenako anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Akhala kuno masiku angapo," dokotala anauza mayi. "Chifuwa chawo chinatupa kwa nthawi yaitali, ndipo fumbi la matabwa ndi vanishi zikuwonjezera moto. Ndalemba kalata iyi kwa abwana awo. Asabwerere pa makina okwechera kapena popaka vanishi. Akabwerera, ulendo wina sindikulonjeza kanthu."

Mayi analandira envulopu n'kuipereka kwa Mlembi. "Ine mawa ndikhala kuno. Ukapereke ndiwe."

Potuluka, Mlembi anaima pafupi ndi bedi. "Bambo, ndikupita."

Dzanja la chala chachifupi lija linamugwira pa mkono. Bambo anakweza chophimba pang'ono. Sanamutchule kuti Mlembi.

"Iwe... kalatayo... usapereke."

6. Benchi ya bambo

Kutacha, Mlembi anadzuka m'nyumba ali yekha, poti mayi anagona kuchipatala. Anawiritsa tiyi n'kuthira m'fulasiki ya kuchipatala. Anapinda malaya awiri a bambo ake ndi thaulo. Pa tebulo panali makapu atatu a dzulo, osatsuka. Anawatsuka, nawavundikira. Kenako anaika envulopu m'buku la masamu n'kutseka chitseko.

Njira ya kuchipatala inkadutsa pa shedi. Akanatha kungopitirira. Anafika pachipata, naima, napitirira mapazi khumi, n'kubwereranso.

M'shedi ntchito inali itayamba kale. Kontena ya dzulo inali pa shelefu, wina ataitola n'kuitsuka. Zitseko zinali pomwe zija. Pa benchi ya bambo ake panaima munthu wina wamtali amene Mlembi sankamudziwa, akusintha sandipepa pa makina. Epuloni ya bambo inali pa msomali wake, ndipo mlendoyo anali atakolekapo chipewa chake pamwamba.

A Ndevu anabwera akupukuta manja.

"Agona bwanji akuluwo?"

"Akupuma ndi makina."

"Mulungu ndi wamkulu. Dzulo ine ndinati kwadutsa, kani ndi pamene kumafika. Ukanakhala wondimvera, bwenzi lero tikukhoma bokosi." Anaona kumene Mlembi ankayang'ana. "Usadandaule ndi ameneyo. Ndi wongogwirizira, zitseko zikufunika Lachisanu." Koma ponena zimenezi a Ndevu ankayang'ana pansi.

Mwini shedi anatuluka mu ofesi yake yaing'ono, pensulo ili kukhutu. Anali munthu wosakonda mawu ambiri.

"Ndiwe mwana wa akalipentala athu? Pepa ndi za dzulo. Akuti atuluka liti? Ukawauze kuti benchi ikuwadikira. Akangopeza bwino abwere, makina okwechera aja palibe amawadziwa ngati iwo."

Zinali zosavuta. Akanangoti "Chabwino, bwana," n'kunyamula fulasiki yake. Bambo akanatuluka, n'kuvala epuloni yawo, n'kumuitananso kuti Mlembi.

Mlendo uja anayatsa makina. Fumbi linadzuka, n'kuyamba kuuluka m'kuwala kwa pazenera. Lina linatera pa mkono wa Mlembi, pomwe bambo ake anamugwira dzulo.

Anaika fulasiki pansi, natsegula zipi, natulutsa envulopu.

"Imeneyo ndi yanga?" mwini shedi anafunsa.

"Ndi yanu, bwana. Yachokera kwa adokotala."

Anaing'amba ndi pensulo n'kuwerenga ataima pomwepo. Anawerenga mpaka pansi, nayambiranso pamwamba. A Ndevu anabwerera pa benchi yawo mwakachetechete. Mwini shedi anapinda kalatayo, naiika m'thumba la malaya, nayang'ana epuloni ili pa msomali.

"Bambo ako akudziwa kuti wabweretsa?"

"Anati ndisabweretse."

Munthuyo anapita pa msomali, nachotsa chipewa cha mlendo, natenga epuloni, naikung'untha fumbi n'kuipinda kawiri.

"Tenga, ukaichape. Ndipo ukawauze mayi ako abwere Lolemba m'mawa. Abwere okha."

Mlembi anaika epuloni pamwamba pa malaya oyera, nanyamula fulasiki. Nthawi yoona odwala inali itayandikira, ndipo bambo ake akanayamba kuona epuloniyo n'kudziwa kuti kalata yaperekedwa, iye asanatsegule pakamwa.